Mphini Zinali Pamwamba

Uthenga wotumiza mayi wina kwa ife unali wa mawu anayi okha, olembedwa mothamanga m'buku la kuchipatala: "LBP, for physio please." Ndiye kuti msana, apite ku mafizo. Unali mwezi wa Novembala, dzuwa likuswa mtengo, nthawi imene aliyense kumudzi amakhala kalikiliki kuunga mizere kudikira mvula yoyamba. Pa benchi la panja pa chipinda chathu panali anthu oposa 20, ndipo theka la iwo dandaulo lawo linali lomwelo. Mwezi umenewo msana ndiye nyimbo ya tsiku ndi tsiku.

Mayiwo analowa pang'onopang'ono, mwana wawo wamkazi ali pambuyo atanyamula jumbo. Anali a zaka za m'ma 40.

"Chavuta n'chiyani, mayi?"

"Msana, adokotala."

"Unayamba liti?"

"Aaa, pakhalapo."

"Mumalima?"

Anaseka. "Nanga tingadye chiyani?"

Basi, m'mutu mwanga mlandu unathera pomwepo. Msana wa khasu. Sipanathe ngakhale mphindi ziwiri. Zonse zimene ndinachita pambuyo pake kunali kufunafuna mboni za chigamulo chimene ndinali nditapereka kale. Ndinawauza kuti awerame, anawerama pang'ono n'kuima. Ndinati eya, minyewa yakungika. Ndinawagoneka chafufumimba, n'kukweza bulauzi pang'ono chabe, mwina zala zinayi pamwamba pa chitenje, chifukwa ine mwamuna, iwo mayi wamkulu, komanso katani wathu anali wong'ambika. Ndinadina m'chiuno, minyewa inali gwa. Ndinawatembenuza n'kukweza mwendo uliwonse bondo lili chiwongokere, ululu sunatsikire kumwendo. Ndinalemba kuti ndi msana wamba, ndinawathowa ndi chotenthetsa, ndinawaphunzitsa mafizo anayi, n'kuwauza kuti abwerenso pakatha sabata ziwiri. Wotsatira.

Atabweranso ndinafunsa kuti zikuyenda bwanji. "Zikusinthako pang'ono, adokotala." Ine n'kulemba m'buku kuti akuchira.

Aliyense wokulira kuno amadziwa kuti mawu amenewa sayeza chilichonse. Ndi ulemu. Munthu amene wayenda mtunda wautali, wakhala pa benchi m'mawa wonse, n'kukumana ndi mnyamata wovala yunifolomu amene akuoneka kuti akuyesetsa, sangamuuze pamaso kuti zimene munandipatsa zija sizinathandize. Agogo anga omwe ankayankha kuti "ndadzukako" tsiku limene tinawanyamula pa ngolo kupita nawo kuchipatala. Ndinkazidziwa zimenezi monga mwana wa m'mudzi, koma ndikavala yunifolomu ndinkaziiwala, chifukwa yankholo linkandikomera.

Ulendo wachitatu ndi umene unandivula. Tinkagwira ntchito ndi bambo ena achikulire, tekinishani amene anaphunzira ku Kachere ku Blantyre ine ndisanalowe n'komwe sekondale. Tonse tinkangowatchula kuti Akulu. Pa pepala ine ndinali bwana wawo chifukwa ndinali ndi digiri, yongotuluka kumene mu uvuni. M'mawa umenewo Akulu anali pakhomo akuitana mayina. Mayiwo ataitanidwa anayamba atsamiza manja onse awiri pa ntchafu, n'kudzikankha kuti aimirire, ngati munthu akukwera thupi lake lomwe. Buku lawo linagwa. Potola sanawerame ayi: anapinda mawondo n'kutsika msana uli nji ngati thabwa, dzanja limodzi lili pa bondo.

Akulu anandikokera pambali. "Achimwene, mayi awa munawavula?"

Ndinati ndinaona msana.

"Wonse?"

Anaitana namwino wamkazi, anamangirira katani uja ndi pini, n'kupempha mayiwo mwaulemu kuti avule bulauzi. Ndipo zinali pomwepo: mphini, mizere iwiri, zakuda, zina zisanapole n'komwe. Sizinali m'chiuno momwe ine ndinkathowa mwezi wathunthu. Zinali pamwamba, cha pamene nthiti zimathera. Pakati pa mizere iwiriyo fupa limodzi la msana linali litatumphuka ngati mfundo ya chala. Akulu anagogoda pamenepo ndi chala chimodzi, mayiwo anadzidzimuka n'kugwira bedi.

Mafunso amene anatsatira anali ochepa, ndipo palibe ngakhale limodzi limene sindinaphunzire kusukulu.

"Mayi, usiku mumagona?"

Anayankha ndi mwana uja. "Sagona. Amabuula mpaka tambala woyamba. Ndiye amadzuka chofunda chitanyowa ngakhale kukuzizira."

"Siketi iyi ndi yanu?"

Inali yawo, koma anali ataimanga ndi kansalu m'chiuno kuti isagwe.

"Kunyumba alipo amene anamwapo mankhwala a TB?"

Malemu amuna awo, zaka ziwiri zapitazo.

Apa m'pamene ndinatenga kanyundo ka labala kamene kanakhala m'thumba mwanga maulendo awiri onse aja. Nditagogoda pansi pa bondo mwendo unadumpha kwambiri, miyendo yonse iwiri. Nditakankhira phazi m'mwamba mwadzidzidzi linayamba kunjenjemera lokha, osaleka. Nditakanda kuphazi ndi kiyi, chala chachikulu chinaloza kumwamba m'malo mopindika. Kwa amene si a ntchitoyi: mtsempha waukulu wochokera ku ubongo umadutsa m'kati mwa mafupa a msana n'kuthera cha pa fupa loyamba kapena lachiwiri la m'chiuno. Kamtsempha kakang'ono kakapanikizika m'munsi mwa pamenepo, mwendo umafooka ndipo ukagogoda suyankha bwino. Koma mtsempha waukuluwo ukapanikizika, mwendo umayankha mopyola muyeso. Miyendo ya mayiwa inkanena momveka kuti vuto lili pamwamba, ndipo layamba kufinya mtsempha waukulu. X-ray inangotsimikiza: mafupa awiri oyandikana anali atadyeka kutsogolo, kamtsamiro ka pakati pawo katasowa, msana utapindikira pomwepo. TB ya msana.

Chimene chimandisowetsa mtendere mpaka lero n'chakuti sing'anga amene anatema mphini zija anapeza malo molondola kuposa ine. Sindikuyamikira lumo lake, limene mwina linatema anthu angapo tsiku lomwelo, ndiponso mankhwala ake sakanapha kachilombo ka TB. Koma iye anafunsa kuti pakuwawa ndi pati, anawavula, n'kuyang'ana pamene analoza. Kuyambira tsiku limenelo ndimawerenga mphini ngati mapu. Zakale zoyererako zimandiuza kumene ululu unayambira, zatsopano kumene wafika.

Kusukulu nkhani imeneyi ankaitchula kuti clinical reasoning, ndipo tinkaiona ngati phunziro lozizira poyerekeza ndi kuphunzira kugwira mfundo ndi manja. Ndi kalingaliridwe kamene kamachitika m'mutu mwa wothandiza odwala kuyambira pamene munthu walowa pakhomo: ichi chingakhale chiyani, n'chiyani chimene chingandiuze kuti ndalakwa, ndichite chiyani lero, ndipo ndidziwa bwanji ngati chathandiza. Ofufuza amene anaonerera madokotala akugwira ntchito m'zaka za m'ma 1970 anapeza kuti pafupifupi onse amakhala ataganizira kale matenda angapo m'mphindi zoyambirira, wodwala asanamalize n'kufotokoza komwe. Choncho kufulumira kwanga sikunali tchimo palokha. Akulu nawonso anafulumira; anangoona katoledwe ka buku. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndinali ndi ganizo limodzi ndipo ndinkaliteteza, pamene iwo anafunsa mafunso oti aligwetse ganizo lawo lomwe ngati lili lolakwika. Funso langa lakuti "mumalima?" silikanandiuza chilichonse. M'boma limenelo ndani salima? Wa TB amalima, wa khansa amalima, wa msana wamba amalima.

Palinso china chimene ndinachimvetsa mochedwa. Mabuku amene tinaphunzira analembedwa ku Britain, Australia ndi America, ndipo amanena zoona: pa anthu 10 odandaula msana, pafupifupi 9 sapezeka ndi nthenda yeniyeni imene ungailoze ndi chala, ndipo ambiri amapeza bwino m'sabata zochepa. Bungwe la WHO limati m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni padziko lonse ankavutika ndi msana. Ndi vuto la aliyense, ndipo mabukuwo amatichenjeza kuti tisamaopseze anthu ndi kuwajambula popanda chifukwa. Koma kagawo kotsalako, kamene iwo amakatchula mongodutsa, kukula kwake kumadalira kumene waima. Chipika choyandama pa damu la Mudi ndi chipika basi. Chipika choyandama pa Shire ku Chikwawa, yamba waganiza za ng'ona. Kuno kafukufuku wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 9 pa 100 alionse ali ndi HIV, ndipo pafupifupi theka la odwala TB amakhalanso ndi kachilomboka. Munthu wophunzitsidwa ndi buku la ku Adelaide ku Australia akaima m'chipatala cha boma kuno ayenera kusintha sikelo ya m'mutu mwake.

Dzina lenilenilo la nthendayi limatisocheretsa. Timati chifuwa chachikulu. Ndiye munthu amene sakutsokomola angakhale bwanji ndi chifuwa chachikulu? Mayi aja atauzidwa anandifunsa zomwezo: "Chifuwa cha kumsana, adokotala? Ine sindinatsokomolepo." Kachilomboka kamalowera m'mapapo, inde, koma kamatha kuyenda ndi magazi n'kukakhazikika m'mafupa, ndipo fupa limene kamalikonda kwambiri ndi la msana, makamaka cha pomwe panali mphini paja. Kamadya mwakachetechete kwa miyezi. Dokotala wa ku London, Percivall Pott, anafotokoza za linunda lopha miyendo limeneli mu 1779, ndipo mpaka lero nthendayi imatchulidwa ndi dzina lake. Kwawoko tsopano ndi yosowa. Kwathu kuno imakhala pa benchi limodzi ndi misana ya khasu, itavala chitenje chofanana.

Tisanamizane, zizindikiro zoopsa zimene timaloweza pamtima zija, chilichonse pachokha n'chofooka. Ululu wa usiku? Gonani pa mphasa pa simenti muli ndi msana wamba muone ngati mugone. Kuonda? Mu Januwale ndi Febuluwale theka la mudzi limaonda. Thukuta la usiku? Ku Nsanje mu Okutobala aliyense amadzuka atanyowa. Mphamvu yake imabwera zikakumana pamodzi mwa munthu mmodzi, ndipo chachikulu pa zonse ndi ichi: wathandizidwa moyenera koma sakusintha. Msana wamba umasinthasintha. Umakula ukawerama, umachepa ukagona, lero wawawa kwambiri, mawa waiwalika. Ululu umene sulabada kuti munthu wagona, wakhala kapena waima, umene ukungokwera sabata ndi sabata, ukunena kuti gwero lake si kayendedwe ka thupi. Kuyambira nthawi imeneyo ndili ndi lamulo langa: munthu akabwera kachitatu osasintha, ndimatseka zimene ndinalemba kale n'kuyamba ngati sindinamuonepo.

Koma kuti udziwe kuti sakusintha uyenera kukhala ndi choyezera chimene ulemu sungachipinde. Sikelo yoyezera ululu ya 0 mpaka 10 ija ndinaisiya kwa odwala ambiri. Agogo ukawafunsa kuti ululu wanu uli pa nambala yanji amakuyang'ana ngati wawafunsa nambala ya galimoto ya bwanamkubwa, kenako amatchula imene akuganiza kuti ikusangalatsa. Ndimafunsa zowerengeka. Kuchokera kunyumba kukafika pa mjigo mumaima kangati? Mumasinja mpaka kumaliza kapena mumasiyira wina? Ku tchalitchi mumakhala mpaka ulaliki kutha? Usiku wathawu mwadzuka kangati? Kenako ndimasankha kachitidwe kamodzi kamene kamadzutsa ululu wawo weniweniwo, ndimaika chizindikiro pamene zala zafika pa mwendo akawerama, ndimathandiza, n'kuyezanso nthawi yomweyo. Njira yoyeza, kuthandiza, n'kuyezanso anailimbikitsa kwambiri Geoffrey Maitland wa ku Australia, ndipo pa zonse zimene ndinatenga m'mabuku akunja, iyi ndi imene sinafunike kusinthidwa kuti igwire ntchito kuno. Ndikanaichita kwa mayi aja, ulendo wachiwiri ndikanaona ndi maso anga kuti zala zikuthera pamwamba kuposa poyamba, pakamwa pakunena kuti zikusinthako.

Chinenero chathu nachonso chimafuna khutu lodekha. Mawu akuti nyamakazi amanyamula chilichonse, kuyambira bondo lokalamba mpaka kuphwanya thupi kwa malungo. Mitsempha ndi yodutsa magazi, mitsempha ndi yomvera kukhudza, mitsempha ndi yolumikiza mnofu ku fupa. Wodwala akati mitsempha ikukoka, sunamve kanthu mpaka utafunsa kuti akusonyeze. Koma Chichewa chomwechi chili ndi chuma chimene fomu yachingerezi ilibe malo ochilembapo. Kuwawa, kubaya, kuwotcha, kunyerenyetsa, kulasa, kuthabwanya, kuchita dzanzi, kumva ngati nyerere zikuyenda: mawu alionse akuloza kwina. Tsiku lina ananditumizira mayi wina atalemba kuti mtsempha wa msana wapanikizika. Iye ankati mapazi akuwotcha ngati waponda phulusa la moto. Onse awiri, mofanana, kuyambira ku zala mpaka mu akakolo, ngati wavala sokosi za moto. Mtsempha wopanikizika kumsana kawirikawiri umatsika mwendo umodzi, motsata mzere. Zowotcha mbali zonse chonchi zimandipititsa kwina: shuga, mowa, kapena mankhwala. Nditatsegula buku lake ndinapeza kuti ali pa mwezi wachitatu wa mankhwala a TB, ndipo timapilitsi ta vitamini B6, timene timateteza mitsempha ku isoniazid, mmodzi wa mankhwalawo, tinamuthera kalekale. Anzanga akale pantchito amasimba kuti nthawi ya stavudine, ma ARV akale aja asanasinthidwe, mapazi otere ankadzaza benchi. Mayiyo sankafunika mafizo a msana. Ankafunika kubwerera kwa amene anamupatsa mankhwala.

Pali mafunso ena amene ulemu umatitsekera pakamwa, ndipo ndi omwewo amene amapulumutsa. Munthu wa msana amene wayamba kuvutika kutaya madzi, kapena amene sakumva bwino kumalo obisika, ndi wofunika dokotala wa opaleshoni tsiku lomwelo, osati sabata ya mawa, chifukwa mitsempha ya m'munsi ikafinyika nthawi yaitali sibwerera. Koma mnyamata wa zaka 26 afunse bwanji zimenezi kwa munthu wa msinkhu wa mayi ake? Ndinkalumpha funsoli n'kudziuza kuti akanakhala ndi vuto akananena okha. Sanganene. Akulu anandiphunzitsa kafunsidwe kake: umayamba wapepesa, umanena kuti funsoli timafunsa aliyense wa msana, kenako, "Mukapita kuseri, madzi akutuluka monga kale? Mukamadzisamalira, mukumva dzanja lanu bwinobwino?" Palibe amene anakwiyapo. Safunsa anadya phula, koma pantchito yathuyi phulalo amadya ndi wodwala.

Tsopano ndiulule mbali ina ya manyazi anga. Itachitika nkhani ya mayi aja ndinapenga ndi mantha. Msana uliwonse ndinkauona ngati TB. Kwa miyezi ingapo ndinatumiza anthu ambirimbiri kokajambulitsa, mpaka wojambula anabwera yekha kudzandifunsa ngati ndikudziwa kuti mafilimu amagulidwa ndi ndalama. Ndinkaganiza kuti ndakhala wosamala, koma kunali kusalingalira komwe kuja kutangotembenuka. Poyamba yankho langa kwa aliyense linali khasu, tsopano linali TB. Munthu amene ali kutsogolo kwanga sankasintha yankholo.

Amene anandichiza matenda amenewa ndi mphunzitsi wina wa kusekondale, wa zaka za m'ma 30. Anafika atamanga lamba wamkulu m'chiuno, akuyenda ngati wasenza mazira, m'manja muli envulopu yaikulu. Anali atatenga ngongole n'kukajambulitsa pa makina a MRI, oonetsa za m'kati mwa thupi, ku chipatala cholipira mumzinda. Lipoti linati kamtsamiro ka pakati pa fupa lachinayi ndi lachisanu la m'chiuno katumphuka pang'ono. Wina anamuuza kuti disiki yatuluka, ndipo akadzangonyamula chinthu cholemera adzafa miyendo. Kwa miyezi 5 anali atasiya njinga, atasiya mpira, akugona pa chitseko, akuphunzitsa atakhala pansi. Ngakhale mwana wake wa chaka chimodzi sankamunyamula.

Ndinamuvula malaya, ndinayang'ana msana wonse, ndinagogoda fupa lililonse. Ndinafunsa za usiku, za thupi, za kuseri. Mphamvu ya chala chachikulu inali bwino, ankatha kuyenda ndi zidendene komanso ndi zala, kanyundo kanayankhidwa bwino mbali zonse. Ululu wake unkafika m'thako, ndipo nditamugoneka chafufumimba n'kumuuza kuti adzikweze ndi manja kangapo, unachoka m'thako n'kubwerera pakati pa msana, chizindikiro chimene Robin McKenzie wa ku New Zealand anachitchukitsa, chosonyeza kuti zinthu zikulowera kwabwino. Munthuyu chimene chinkamupundula kwambiri inali envulopu ija. Ndinamufotokozera za kafukufuku wa ku America wa mu 1994, pamene anajambula anthu 98 amene misana yawo sinkawawa konse, n'kupeza kuti oposa theka anali ndi disiki yotumphuka chimodzimodzi. Ndinamuuza kuti zimenezi zili ngati imvi za m'kati. Sanandikhulupirire tsiku loyamba, ndipo sindimuimba mlandu; anali atalipira ndalama zambiri kuti amve zosiyana. Tinagwirizana zoti avule lamba ola limodzi patsiku, kenako awiri. Mwezi usanathe anabwera pa njinga.

Anthu awiriwa m'buku analembedwa mawu ofanana. Wina ndinamupatsa mafizo pamene ankafunika kujambulidwa, winayo anajambulidwa pamene ankafunika kungoyenda. Ndikanatsatira ndondomeko imodzi yolembedwa pakhoma, mmodzi wa iwo akanavulala ndithu.

Kusankha chithandizo nakonso kuli ndi masamu ake amene buku silinandiphunzitse. Buku limati wodwala abwere kawiri pa sabata kwa sabata 6. Wodwala wanga amalipira kabaza ndi minibasi, iye ndi gadiyani, ndipo ulendo umodzi ndi nkhuku yogulitsa. Ndikamuona lero, mwina ndidzamuonanso mwezi wa mawa, mwina ayi. Choncho funso langa si lakuti n'chiyani chimathandiza matendawa, koma n'chiyani chimene munthu uyu adzachitedi kunyumba kwake ine kulibe. Mafizo 8 ojambulidwa bwino pa pepala amathera kukulungira mandasi. Awiri amene wawachita pamaso panga mpaka kuwagwira, gadiyani akuonerera, amachitika. Nyale yotenthetsa ija anthu amaikonda, ndipo ena amaona ngati sanathandizidwe ukapanda kuwayatsira, koma singapite nawo kumudzi. Ndipo cholinga chimene chili m'mutu mwanga sichikhala chawo nthawi zonse. Bambo wina amene anafa ziwalo mbali imodzi ndinkalimbana naye kuti dzanja litambasuke, iye ali duu, mpaka mkazi wake anandinong'oneza kuti chimene chikuwadya bambowa n'chakuti amachita kunyamulidwa ndi mpongozi wawo popita kuchimbudzi. Chimbudzi chake chokumba, chonjuta. Tinasiya dzanja, tinayamba kuphunzira kutsika ndi kudzuka atagwira mtengo, ndipo mwana wawo anakazika mlongoti pambali pa dzenje n'kuboola mpando wakale. Bambo amene ankaoneka waulesi uja anasanduka wolimbikira kuposa onse.

Mayi a mphini aja anagonekedwa tsiku lomwelo. Anayamba mankhwala anayi a miyezi iwiri yoyambirira, rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol, ndipo m'mawa mwake mwana wawo anandithamangira ali ndi mantha kuti amayi akukodza magazi. Anali rifampicin, amene amafiiritsa mkodzo. Palibe amene anawachenjeza. TB ya m'mafupa imamwedwa mankhwala nthawi yaitali kuposa miyezi 6 ya m'mapapo, ndipo ntchito yanga inasinthiratu. Mafizo opinda msana amene ndinawapatsa aja, amene ankawachita mokhulupirika m'mawa ndi madzulo pa fupa lodyeka, ndinawaletsa. Ndinaphunzitsa mwana uja kuwatembenuza thupi lonse pamodzi ngati chipika, maola awiri alionse, kuti pasabuke zilonda. Tsiku lililonse ndinkayeza mphamvu ya miyendo n'kulemba, chifukwa ikanayamba kutsika mofulumira anayenera kutumizidwa ku chipatala chachikulu kwa madokotala a mafupa. Sabata ziwiri zoyamba sinasunthe. Yachitatu phazi lamanja linasiya kunjenjemera. Anayamba kukhala atavala chomangira msana, kenako kuima, kenako masitepe atatu pakati pa zitsulo ziwiri. Potuluka, mchimwene wawo anakazika mitengo iwiri ya bulugamu pabwalo kuti azigwira poyenda.

Tsiku lina ali m'wodi ndinalimba mtima n'kuwauza kuti nthendayi ndikanaiona mwezi wathunthu m'mbuyomo ndikanayang'ana bwino. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Inu munayesetsa, adokotala." Mawu ake anatuluka ndi kamvekedwe komwe kaja ka "zikusinthako pang'ono."

Ulendo womaliza umene ndinawaona, chaka chinali chitazungulira, mizere ikuungidwanso. Analowa okha ndi ndodo, thupi litabwerera, siketi yopanda kansalu. Kalinunda kanalipobe ndipo sikadzachoka. Mafupa awiri aja anagwirana n'kukhala limodzi. Ndinawavula bulauzi namwino ali pomwepo, ndinagogoda, sanadzidzimuke. Mphini zinali zitayererako. Ndinafunsa kuti pa mjigo amaima kangati.

"Sindiima. Koma mwanayu akundikaniza ndowa."

"Ndowa yake iti?"

"Yomwe ija ya masiku onse."

Ya malita 20, ndiye kuti makilogalamu 20 pamutu, kutsikira pa fupa lomwelo. Ndinati ayi, ayambe ndi kachigubu ka malita 5, m'manja, kwa mwezi umodzi, ndipo miyendo ikachita dzanzi kapena kulemera abwere tsiku lomwelo osadikira deti.

"Malita 5? Adokotala, amenewo ndi a tiyi."

"Mupite kawiri."

Anatembenukira kwa mwana wawo. "Wamva? Akuti ndipite kawiri. Sananene kuti ndisapite."